Kupimitsa mabere kwa amayi a ku Mangochi: poyambira ndi pofikira

Amayi ambiri akamva za kupimitsa mabere pofufuza khansa amaganiza za makina okhaokha, ndipo popeza makina otere sapezeka pafupi, amangokhala osachitapo kanthu. Komatu kupima kumayamba ndi manja anu omwe, kenako manja a wachipatala, ndipo makina amabwera pambuyo pake.

Kamodzi pamwezi, patapita masiku angapo mutamaliza kusamba, pamene mabere sali otupa kapena opweteka, imani pagalasi mutavula ndipo muyang'ane mabere onse awiri manja ali pansi, kenako mutawakweza m'mwamba. Mukatero gonani chagada, ndipo ndi zala zitatu zapakati fufuzani bere lonse mozungulira, kuchokera kunsonga kufikira m'khwapa. Amayi amene anasiya kusamba asankhe tsiku limodzi losaiwalika, monga tsiku loyamba la mwezi. Chimene mukufuna ndi kusintha kulikonse: chotupa cholimba, khungu lokhakhala ngati la lalanje, nsonga ya bere yolowa mkati pamene kale inali yotuluka, madzi a magazi otuluka pansonga, kapena chilonda chosapola. Dziwani kuti chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, ndipo n'chifukwa chake ambiri amachinyalanyaza mpaka chitakula. Amuna nawonso akapeza chotupa pachifuwa asanyozere, chifukwa matendawa amawagwiranso, ngakhale kuti si kawirikawiri.

Mukapeza chilichonse mwa zimenezi, tengani buku lanu la kuchipatala ndipo mupite pachipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Namwera, ku Makanjira, ku Monkey Bay kapena pa chipatala chachikulu cha boma pa Mangochi. Muuzeni wachipatala tsiku limene munachiona chotupacho, ngati chikukula, ngati mukuyamwitsa, komanso ngati amayi anu kapena mchemwali wanu anadwalapo khansa ya m'mawere. Ngati simuli omasuka kugwidwa ndi mwamuna, muli ndi ufulu wopempha kuti akupimeni ndi wamkazi kapena kuti m'chipindamo mukhale mayi wina. Manyazi asakubwezeni pakhomo.

Wachipatala akakayikira, adzakutumizani kukajambulidwa, ndipo apa m'pamene pali njira zingapo. Yodziwika kwambiri ndi sikani, makina omwe aja amene amaunikira mwana ali m'mimba. Amapaka mafuta oterera pabere n'kuyendetsapo kachipangizo, ndipo chithunzi chimaoneka pagalasi la makinawo. Sikani siipweteka, siigwiritsa ntchito cheza cha X-ray, ndipo ndi yoyenera kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imasiyanitsa chotupa chodzaza madzi, chimene nthawi zambiri si khansa, ndi chotupa cholimba chimene chimafunika kufufuzidwa mopitirira. Kwa atsikana ndi amayi achichepere ndiyo imayambirira, chifukwa mabere awo amakhala ndi minofu yothinana imene imabisa chotupa pachithunzi cha X-ray.

Njira yachiwiri ndi mamogalamu, imene ndi X-ray ya mabere ya cheza chochepa. Bere lililonse amalipana pakati pa timbale tiwiri kwa masekondi ochepa n'kulijambula kuchokera pamwamba komanso chapambali. Kupanako kumawawa pang'ono, tisabisane, koma ndi kumene kumachititsa kuti chithunzi chioneke bwino, mpaka kuonetsa chotupa chaching'ono chimene zala sizingachimve. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti, kumene zipangizo zilipo, amayi a zaka 50 mpaka 69 azijambulidwa motere zaka ziwiri zilizonse ngakhale asakumva vuto. Kuno kwathu makinawa ndi ochepa ndipo amapezeka makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, choncho musanawononge ndalama ya ulendo, funsani wachipatala wanu kuti akupatseni kalata ndi kukuuzani kumene makina akugwira ntchito. Tsiku lojambulitsa musadzole mafuta, paudala kapena mankhwala oletsa thukuta m'khwapa ndi pamabere, ngakhale kutentha kwa kunyanja kuno kumatikakamiza kutero, chifukwa zinthu zimenezi zimaoneka ngati timadontho pachithunzi n'kusokoneza wochiwerenga. Valani chitenje kapena siketi ndi bulauzi yosavuta kuvula, ndipo ngati mukuganiza kuti muli ndi pakati, nenani asanayambe.

Palinso MRI, njira yojambulira mkati mwa thupi ndi mphamvu ya maginito, koma imagwiritsidwa ntchito pa anthu ochepa amene ali pachiopsezo chachikulu, ndipo si imene mayi wa kumudzi angayambire.

Chithunzi pachokha sichinena motsimikiza kuti muli ndi khansa. Chotupa chikaoneka chokayikitsa, madokotala amachititsa dzanzi pamalopo, n'kutenga kachidutswa kake ndi singano kuti kakaunikidwe ku labotale, ndipo yankho la kumeneko ndilo limatsimikiza. Mphekesera yakuti singanoyo imafalitsa matenda isakuletseni, pakuti popanda kuunika kumeneku palibe dokotala angadziwe chithandizo choyenera. Zotupa zambiri zimapezeka kuti si khansa, koma zikapezeka kuti ndi khansa, mudzatumizidwa kuzipatala zazikulu monga cha Zomba kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre. WHO imanena kuti kufufuza konseku kuzitha pasanathe masiku 60 kuchokera pamene munaonekera kuchipatala koyamba, choncho musanachoke funsani tsiku lodzatenga zotsatira, mulilembetse m'buku lanu, musiye nambala ya foni imene imagwira, ndipo tsikulo likadutsa osaitanidwa, pitani nokha mukafunse.