Kompyuta ikakana kulowa mu domain, yambani mwaona DNS

Kompyuta ikamanena kuti sikupeza domain controller (seva imene imayang'anira domain, yomwe ndi gulu la makompyuta ndi maakaunti oyendetsedwa pamalo amodzi), musathamangire kuikamonso Windows. Nthawi zambiri vuto limakhala DNS, njira imene kompyuta imapezera maseva pogwiritsa ntchito mayina awo.

Tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig /all, muone adiresi imene ili pa DNS Servers. Ikakhala ya rauta kapena 8.8.8.8 ya Google, vuto ndi lomwelo. Kompyuta imapeza domain controller pofunsa DNS marekodi a SRV (osonyeza seva imene imagwira ntchito inayake), ndipo marekodiwo amakhala pa seva ya DNS ya domain yanuyo, maseva akunja sawadziwa n'komwe. Ikani adiresi ya seva imeneyo pamalo oyamba a DNS mu masetingi a netiweki. Pamalo achiwiri musaikepo yakunja, chifukwa Windows ikadzasamukirako vutolo lidzabweranso, ndipo lidzavuta kulitulukira.

Kenako lembani ipconfig /flushdns, muyese ndi nslookup -type=SRV _ldap._tcp.dc._msdcs. ndipo pambuyo pa kadontho komalizako muwonjezere dzina lonse la domain. Dzina la seva likatuluka, yesaninso kulowa. Lembani dzina lonse la domain, osati lachidule la liwu limodzi.

Zikakanikabe, onani wotchi. Kerberos, njira imene domain imatsimikizira amene akulowa, imakana nthawi ya pakompyuta ikasiyana ndi ya pa seva kuposa mphindi 5, choncho konzani deti ndi time zone yomwe.

Windows Home ndiye silowa mu domain ngakhale mutatani, pamafunika Pro, Enterprise kapena Education. Komanso akaunti wamba imaloledwa kulowetsa makompyuta 10 okha ngati malirewo sanasinthidwe. Chimene chalepheretsa chimalembedwa mu C:\Windows\debug\NetSetup.log, werengani mizere yakumunsi kwenikweni.