Zoyenera kuchita themomita ya mercury ikasweka m'nyumba

M'makomo ambiri mudakali themomita yagalasi yoyezera kutentha kwa thupi, imene m'kati mwake muli kamzere konyezimira kasiliva kamene kamakwera munthu akatentha thupi. Kamzereko ndi mercury, chitsulo chimene chimakhala chamadzimadzi ngakhale chisanatenthedwe pamoto. Themomita yotereyi ikakhala yosasweka ilibe vuto, koma galasi lake ndi lopyapyala, ndipo kawirikawiri imasweka pamene munthu akuikutumula kuti kamzereko katsike n'kuimenyetsa pabedi kapena patebulo, pamene mwana wailuma, kapenanso pamene wina waitsuka m'madzi otentha, poti inapangidwa kuti iziyeza kutentha kongofika madigiri 42.

Ikasweka, mercury amamwazika pansi n'kukhala timipira ting'onoting'ono tonga mikanda, timene timagubuduzika mpaka kukabisala m'ming'alu ya simenti ndi kunsi kwa mipando. Kuchuluka kwake sikupitirira kwenikweni galamu imodzi, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amangosesa n'kuiwala. Chimene chimavulaza kwambiri si timipira tooneka ndi masoti, koma mpweya umene timatulutsa pang'onopang'ono usana ndi usiku. Mpweyawu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo munthu akaupuma, pafupifupi magawo 80 mwa magawo 100 alionse amalowa m'magazi kudzera m'mapapo, kenaka n'kukafika ku ubongo ndi ku impso. M'chipinda mukamatentha, mpweyawo umatuluka wochuluka, choncho chipinda chofolera malata chimene mawindo ake amakhala otseka m'mwezi wa Okutobala ndicho choyenera kuchidera nkhawa koposa. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi ana aang'ono, chifukwa amakwawa ndi kusewera pansi pomwepo ndipo ubongo wawo ukukulabe, komanso amayi oyembekezera, poti mercury amatha kufika kwa mwana amene ali m'mimba.

Choyamba, tulutsani ana, amayi oyembekezera ndi ziweto m'chipindamo, ndipo aliyense potuluka asaponde pamene pagwera mercury. Tsekulani mawindo onse oloza kunja, koma tsekani chitseko cholowera m'zipinda zina kuti mpweyawo usafalikire m'nyumba monse. Ngati m'chipindamo muli mbaula kapena china chilichonse chotenthetsa, chitulutseni. Amene atsale kuti atole avule mphete, zibangili ndi wotchi, chifukwa mercury amakakamira pa golide ndi siliva n'kuziwononga, ndipo avale magolovesi a pulasitiki. Magolovesi akasowa, timatumba tapulasitiki topanda zibowo tomangidwa bwino m'manja tingathandize.

Musagwire tsache. Pa malangizo onse, ili ndi limene limavuta kwambiri kulitsatira, chifukwa kwathu kuno galasi likasweka dzanja limathamangira kutsache munthu asanaganize n'komwe. Tsache limaphwanya timipira tija kukhala tambirimbiri tosaoneka, limatimwaza m'chipinda monse, ndipo timene taphwanyika chonchi timatulutsa mpweya mofulumira kuposa kampira kamodzi kakakulu. Kuwonjezera apo, tsachelo limatenga mercury n'kukamusiya kulikonse kumene lidzasese mawa. Chikolopa chimachitanso chimodzimodzi. Makina opopa fumbi ndiwo oipitsitsa, chifukwa amatenthetsa mercury n'kumuuzira m'mwamba kuti aliyense amupume, ndipo makinawo sangagwiritsidwenso ntchito bwinobwino.

Yambani ndi kutola magalasi osweka mosamala, muwakulunge m'pepala n'kuwaika m'botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro cholimba. Mukatero, tengani zidutswa ziwiri za katoni kapena pepala lolimba, ndipo muzikankha timipirato pang'onopang'ono kuti tikumane. Mudzaona kuti tikagundana timaphatikana n'kukhala kampira kamodzi, kamene mungakakankhire papepala n'kukatsanulira m'botolo muja. Sirinji yopanda singano imathandiza kuyamwa timene talowa m'ming'alu, ndipo selotepi imanyamula tating'ono kwambiri mukaimata pansi n'kuimatula mwapang'onopang'ono. Mukaganiza kuti mwamaliza, tsekani makatani kuti m'chipinda muchite kamdima, gonekani tochi pansi kuti kuwala kwake kuyende chopingasa, ndipo muyang'ane mbali zonse. Timipira totsala timanyezimira, ndipo nthawi zambiri timapezeka kutali ndi pamene themomita inagwera, choncho fufuzani chipinda chonse mpaka m'makona.

Zimenezi n'zotheka pa simenti yosalala kapena pa matailosi, koma nyumba zambiri sizili choncho. Mercury akagwera pamphasa kapena pamkeka, amalowa m'mipata ya bango kapena mlaza ndipo simungamuchotse yense, choncho mphasayo ipindidwe mosamala, mbali imene pagwera mercury ikhale m'kati, iikidwe m'thumba lapulasitiki n'kutulutsidwa. Musaikutumule pakhomo ndipo musagonekeponso munthu. Kapeti ndi bulangete zimene mercury wagwerapo zichotsedwenso motero, kapena mudule mbali yokhudzidwayo. Ndikudziwa kuti kutaya mphasa kapena bulangete n'kowawa pamene ndalama zikuvuta, koma mwana amene amagona pamenepo amapuma mpweyawo usiku wonse mphuno ili pafupi. Ngati pansi ndi pozira ndi dothi, tolani timipira tooneka, kenaka palani dothi lapamwamba pamalo onsewo ndi supuni yakale kapena kachitsulo, muliike m'chitini chotsekeka, ndipo muzirenso ndi dothi latsopano. Zovala zimene mercury wagwerapo musazichape pamodzi ndi zina, ndipo nsapato zimene zaponda pamalopo musayende nazo m'zipinda zina.

Zonse zimene mwagwiritsa ntchito, monga katoni, selotepi, sirinji ndi magolovesi, ziikidwe m'thumba lapulasitiki, limangidwe, kenaka liikidwenso m'thumba lina. Pabotolo mulembepo kuti muli poizoni wa mercury. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo mawindo akhale otsekula kwa maola osachepera 24, ana asanaloledwe kulowamo.

Kutaya zinthu zimenezi kumafunanso kusamala. Musaziwotche kudzala, chifukwa moto umasandutsa mercury yense kukhala mpweya nthawi imodzi, ndipo woupuma woyamba ndi amene akusonkhezera motowo. Musazitaye m'chimbudzi, m'sinki, m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, pakuti mercury akafika m'madzi tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa methylmercury, poizoni amene amaunjikana m'nsomba. Mtundu umenewu ndi umene unadwalitsa anthu a mumzinda wa Minamata m'dziko la Japan, kumene matendawa anadziwika mu 1956 fakitale ya Chisso itakhala ikutayira zoipa zake m'nyanja. Pangano la mayiko lotchedwa dzina la mzindawu linavomerezedwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017, ndipo linaika chaka cha 2020 kukhala malire opangira ndi kugulitsana pakati pa mayiko mathemomita a mercury. Botolo lanu lisungidwe kunja kwa nyumba yogona, pamalo ozizira ndi okhoma pamene ana sangafikepo, ndipo mufunse kuchipatala chapafupi kapena kwa alangizi a zaumoyo ndi a zachilengedwe a kukhonsolo kumene mungakalipereke.

Mwana akaluma themomita n'kumeza mercury, musamusanzitse. Mercury wamadzimadzi salowa kwenikweni m'magazi kudzera m'matumbo ndipo amatuluka ndi chimbudzi, koma magalasi angamucheke m'kamwa ndi kummero, choncho mutsukeni m'kamwa ndi madzi n'kupita naye kuchipatala. Pitaninso kuchipatala ngati wina wayamba kutsokomola, kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, kapena ngati patapita masabata wayamba kunjenjemera manja, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kuiwalaiwala kapena kutupa nkhama. Mwa ana, zikhatho ndi mapazi zimatha kufiira, kupweteka ndi kusupuka khungu, mwanayo n'kumatuluka thukuta kwambiri ndi kudana ndi kuwala. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda ena, choncho auzeni adokotala momveka bwino kuti m'nyumba munasweka themomita ya mercury, ndi tsiku limene inasweka.

Ngati themomita yanu ya mercury sinasweke, ndi bwino kugula ya batire, imene imapezeka m'mafamase ambiri, ndipo yakaleyo muiike m'kachikwama kake n'kukaipereka kuchipatala m'malo moiponya m'zinyalala. Themomita yokhala ndi kamzere kofiira kapena kabuluu ilibe mercury. Palinso zina zagalasi za kamzere kasiliva zimene muli galinstan, chosakaniza cha zitsulo za gallium, indium ndi tini, ndipo zimenezi zimalembedwa papaketi kuti zilibe mercury. Ngati palibe cholembedwa chilichonse, itengeni kuti ndi ya mercury. Ya batire nayo isungidwe patali ndi ana, chifukwa kabatire kake kozungulira kakamezedwa kamatha kuwotcha kummero m'maola ochepa chabe.