Makala onyowa asakugonetseni ndi njala

Mvumbi wa sabata inoyi watikwana, anzanga. Dzana kuno ku Ndirande ndinakupiza mbaula mpaka mkono kuwawa, madzi a nsima osawira, magetsi nawo atathima.

Thumba la makala musaliike pansi pa simenti, limakoka chinyontho. Ikani njerwa ziwiri ndi kathabwa, thumbalo likhale pamwamba. Mukatha kuphika madzulo, tapani makala a mawa muwayale pa chidutswa cha lata lakale pafupi ndi mbaula ikadali yofunda. Pofika m'mawa amakhala atauma gwa, sachedwa kuyaka. Machesi sungani m'kabotolo kotseka.

Koma chonde, mbaula yoyaka musagone nayo m'nyumba mutatseka mawindo ati kuumitsa yunifolomu ya mwana. Mpweya wa makala sununkha, koma umapha. Zovala yanikani pakhonde, kenaka muzisite ndithu, kuopa mphutsi.

Nsapato zonyowa fwanyikizanimo nyuzipepala zakale usiku wonse. Ine popita ku Limbe ndimavala zapulasitiki, zabwinozo zili m'jumbo, ndimakasinthira konko.

Moto ukatsalako, ponyanipo chimanga chachiwisi, tiyi ali pambali.