Mankhwala a pa opaleshoni ya mtsempha wa mu ubongo: zoti odwazika muziyang'anira

Khoma la mtsempha wa magazi mu ubongo likafowoka, limafufuma ngati chubu cha njinga chomwe chatha mbali imodzi. Madokotala amati aneurysm. Pokonza, amatsegula chigaza n'kupana khosi la chotupacho ndi kachitsulo, njira imene dokotala wa ku America Walter Dandy anayamba mu 1937, kapena amalowetsa kapaipi kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche n'kudzaza chotupacho ndi timawaya ta platinum. Njira zonsezi zimayenda ndi mankhwala ambiri, ndipo ena amasiya zizindikiro zofanana ndendende ndi za ubongo umene ukuwonongeka. Nkhawa yanga ili pamenepo, ndipo ndikulankhula nanu odwazika, chifukwa ndinu mumakhala pambali pa bedi usana ndi usiku.

Tiyambe ndi diso. Pali mankhwala otchedwa papaverine, amene dokotala amathira pamitsempha pa nthawi ya opaleshoni kuti isafinyike. Akakhudza minyewa yoyendetsa diso, kamwana ka diso limodzi kamakula, ndipo ngakhale namwino aunike ndi tochi sikachepa. Kwa ena mbali imodzi ya nkhope imagwa. Ngati ndi mankhwalawo, zimatha zokha pakapita maola kapena masiku. Koma kamwana ka diso kokula chonchi ndi chizindikironso chakuti magazi akuundana m'mutu n'kumapanikiza ubongo, ndipo apa kuchedwa kumapha. Inu simungasiyanitse ziwirizi ndi maso, ngakhale dokotala amadalira sikani. Choncho mukaona diso limodzi lasiyana ndi linzake, musadzilimbitse mtima kuti "ndi mankhwala chabe". Itanani namwino nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.

Ngati chotupacho chinaphulika, wodwala amapatsidwa nimodipine, kawirikawiri 60 mg maola 4 aliwonse kwa masiku 21. Amateteza ubongo pa nyengo yoopsa, makamaka kuyambira tsiku la 4 mpaka la 14, pamene mitsempha imakonda kufinyika n'kuyambitsa sitiroko. Vuto lake ndi lakuti amatsitsa BP. Wodwala amamva chizungulire, mutu umapweteka, thupi limalefuka. Wodwazika wachifundo amaganiza zodumphitsa mapiritsi a usiku kuti munthu agone bwino. Chonde musatero. Nenani kwa namwino, chifukwa madokotala amatha kugawa mlingowo kukhala 30 mg maola 2 aliwonse kuti BP isagwe kwambiri. BP yotsika nayonso imamana ubongo magazi, n'chifukwa chake nkhaniyi si yoisunga mumtima.

Mankhwala ogonetsa monga propofol amawonjezedwa dala pamene dokotala watseka mtsempha kwakanthawi, motero ena amachedwa kutsitsimuka. Morphine ndi fentanyl, mankhwala oletsa ululu, amachititsa tulo, kupuma pang'onopang'ono ndi timwana ta maso tating'ono kwambiri. Mannitol, wophwetsa ubongo ukatupa, amakodzetsa kwambiri, ndipo madzi ndi mchere zikasokonekera m'thupi munthu amabalalika.

Amene anakonzedwa ndi kapaipi amabayidwa mankhwala oonetsa mitsempha pa X-ray. Mwa apo ndi apo mankhwalawa amasokoneza mutu kapena kuchititsa khungu kwakanthawi, maso ali bwinobwino. Nthawi zambiri munthu amayambanso kuona m'masiku ochepa, komabe afunika kuunikidwa msanga kuti atsimikize kuti si sitiroko.

Chimene chimawawitsa mitima m'banja ndi mankhwala oletsa kukomoka. Levetiracetam amatha kusandutsa munthu wofatsa kukhala wapsa mtima, wokalipira ana pa zazing'ono, nthawi zina wokhumudwa kwambiri. Phenytoin akachuluka m'magazi, munthu amadzandira, lilime limalemera, maso amanjenjemera. Musamuweruze, komanso musamusiyitse mankhwalawo mwadzidzidzi, angayambe kugwa khunyu. Dokotala akhoza kuchepetsa kapena kusintha.

Khalani ndi kope ndi cholembera pambali pa bedi. Lembani ola limene wamwa mankhwala ndi ola limene mwaona kusintha: "9 koloko wamwa, 10 koloko akulephera kunyamula kapu ndi dzanja lamanja." Mawu otere amathandiza dokotala kuposa kungoti "sakupeza bwino". Ndipo opaleshoni isanachitike, uzani dokotala wogonetsa zonse zimene wodwala amamwa, aspirin, mankhwala a BP, azitsamba, ngakhale mowa, osabisa kanthu chifukwa cha manyazi.