Mlandu wakugwerani kukhoti: mmene mungaikire ndalama zake pa ndondomeko yobweza ngongole

Anthu ambiri ku Ulongwe, Moatize kapena mumzinda wa Tete amati woweruza akagamula, amangoganiza za ndalama za amene wawina. Koma mlandu ukakugwerani pamatuluka ngongole zitatu: ya wowinayo, ya khoti yomwe amaitcha custas, ndi ya advogado (loya) wanu ngati munamulemba ntchito. Mukaziphatikiza ngati chinthu chimodzi, ndondomeko yanu yasokonekera poyambira.

Yambani ndi kupita ku cartório, ofesi yosunga mapepala ya khoti komwe mlandu unazengedwa, mutanyamula chitupa chanu (BI) ndi nambala ya processo, yomwe ndi fayilo ya mlandu wanu. Pemphani kuona conta de custas, pepala losonyeza ndalama zonse zimene khoti lawerengera. Liwerengeni mzere ndi mzere. Ngati poyamba munalipirako ndalama za preparo, zolipiriratu kukhoti mlandu uli mkati, onani kuti zachotsedwa pa chiwerengerocho, ndipo apa m'pamene malisiti akale amathandiza. Mukapeza cholakwika muli ndi ufulu wodandaula, koma masiku ake ndi ochepa. Funsani tsiku lomaliza pomwepo n'kulilemba. Chimodzimodzinso ngati mukufuna recurso, ndiko kuti khoti lalikulu liunikenso chigamulo: nthawi yake imathanso msanga, ndipo mukagonjanso custas zimakwera.

Kenaka khalani pansi ndi kope. Lembani ngongole zonse, ya kubanki, ya katapila, ya feteleza, ya xitique (gulu losonkherana ndalama mosinthana), ndipo pambali pa iliyonse lembani chimene chingachitike mukaphonya mwezi umodzi. Custas ikani pamwamba. Izi ndi ndalama za boma, palibe munthu woti mukamugwire mwendo, ndipo zikapanda kulipidwa Ministério Público, ofesi ya maloya oimira boma, imatha kuyambitsa mlandu wina wozitolera, womwe umabweranso ndi ndalama zake.

Tiyerekeze kuti mumapeza 12,000 meticais pamwezi, ndipo chakudya, lendi, magetsi a Credelec ndi sukulu zimadya 8,500. Zotsala 3,500 ndiye mphamvu yanu yeniyeni, musalonjeze zoposa pamenepo. Ngati custas ndi 6,000, perekani 3,000 pamwezi kwa miyezi iwiri mukaloledwa kulipira pang'onopang'ono, zomwe muyenera kupempha polemba kalata yopempha (requerimento), osati pakamwa. Lipirani ndi guia, pepala lolipirira lochokera ku cartório, basi. Ndalama yopatsira munthu m'manja pakhonde, kapena yotumiza pa M-Pesa ku nambala ya munthu, siilowa m'buku la khoti.

Wowina mlanduyo mufikeni asanapemphe penhora, yomwe ndi kulanda katundu kudzera kukhoti. Ambiri amavomera kulandira pang'onopang'ono chifukwa kugulitsa njinga yamoto kapena ng'ombe kudzera kukhoti kumachedwa. Lembani pangano lotchula ndalama zonse, zapamwezi, tsiku lolipira ndiponso ngati chiwongoladzanja chikupitirira kapena chaima. Mfundo yomalizayi ndi imene anthu amaiwala, n'kudzadabwa atalipira chaka chonse kuti ngongole sinatsike kwenikweni. Siginecha zanu zikatsimikizidwe kwa notário, mkulu wotsimikiza zikalata, ndipo kope limodzi likaperekedwe ku processo. Alimi a fodya ndi mbatatesi a ku Angónia ndi Tsangano asasaine za mwezi ndi mwezi pomwe ndalama imabwera nthawi yogulitsa yokha. Apemphe kuti magawo akuluakulu agwe m'nyengo imeneyo.

Dziwaninso kuti penhora ikafika pa malipiro, lamulo limateteza magawo awiri mwa atatu a malipirowo.

Ngati mulibiretu pogwira, pitani ku IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa osauka. Tengani atestado de pobreza, kalata yotsimikiza kuti ndinu wosauka, yomwe imayambira kwa secretário wa bairro. Chonde musakatenge katapila kuti mutseke custas, chifukwa chiwongoladzanja chake chimakwera mwezi uliwonse mpaka kuposa zomwe khoti likufuna. Kuli bwino kupempha a m'gulu lanu la xitique kuti akusinthireni mwezi, mulandire msanga, mukalipire guia tsiku lisanakwane.