Momwe mungamangire mutu wa sitima ya malasha ndi tinjerwa ta LEGO

Yambani ndi chithunzi cha sitima yeniyeni, chojambulidwa chammbali. Ine ndinakajambula mutu wakale wa sitima womwe uli panja pa Museum ya ku Chichiri mu Blantyre, ndipo kuwerenga magudumu ndi maso anga kunandithandiza kwambiri.

Kenako sankhani mulifupi mwake. Muyezo wa LEGO ndi timfundo tozungulira tija tapamwamba pa kanjerwa, ndipo kuchoka pa kamfundo kamodzi kufika pa kanzake ndi mamilimita 8. Sitima zambiri zogula m'bokosi zimakhala timfundo 6 mulifupi. Ine ndimakonda 8, chifukwa mota ndi mabatire zimapeza malo, komanso sitimayo siioneka yowonda.

Ngati muli ndi kompyuta, jambulani kaye mu Studio, pulogalamu yaulere ya BrickLink, msika wa pa intaneti wa tinjerwa ta LEGO. Imakuwerengerani tinjerwa tonse tofunika musanataye ndalama. Paja kuitanitsa kunja kumawawa: ulendo wina ndalama yotumizira inaposa mtengo wa katunduyo. Tinjerwa takuda ndi totuwa muzitolera pang'onopang'ono m'matumba a zidole za pa kaunjika, n'kutitsuka m'madzi ofunda a sopo. Koma chenjerani. Munthu wina wa pa Facebook anandigulitsa thumba lomwe theka lake linali tachinyengo, tosagwirana bwino. Kenikeni kamakhala ndi dzina lakuti LEGO pa kamfundo kalikonse, choncho muuzeni wogulitsa ajambule pafupi.

Tsopano magudumu, pomwe ine ndinavutika milungu itatu. Musamange chilichonse chapamwamba chapansichi chisanayende.

Magudumu aakulu a sitima ya malasha, omwe LEGO inatulutsa mu 2009 ndi seti ya Emerald Night, alipo amitundu iwiri. Ena ali ndi mlomo wogwira njanji, ena ndi osalala. Ine ndinaika a mlomo pa maekiselo onse atatu poganiza kuti ndiye agwira zolimba. Pa njanji yowongoka inayenda bwinobwino. Itangofika pokhota inakwera njanji n'kugwera kumbali. Chifukwa chake n'chakuti njanji zokhota za LEGO zimapinda mwamphamvu kwambiri: zidutswa 16 zokha zimakwanitsa bwalo lathunthu, ndipo kuchoka pakati pa bwalolo kufika pa njanji ndi timfundo 40, pafupifupi masentimita 32. Magudumu atatu a mlomo pa mzere umodzi wowuma sangakwane pamenepo. Apakatiwo akhale osalala kuti azitha kutsetsereka chammbali, a mlomo akhale kutsogolo ndi kumbuyo basi.

Nditakonza zimenezo vuto lina linatulukira. Ndinalumikiza timikono tija togwirizanitsa magudumu, mbali zonse ziwiri mofanana, mapini a pa magudumu okolekapo timikonoto, akumanzere ndi akumanja, ataloza kumodzi. Sitima inkayenda pang'ono n'kuuma gwa, mota ikungolira. Ndinakayikira mabatire, ndinasintha magiya, ndinaphwasula kawiri konse. Zoona zake n'zakuti mapini a mbali imodzi ayenera kutsogola a mbali inayo ndi madigiri 90, monga zimakhalira pa sitima zenizeni, kuti mkono wina ukafika pomwe ulibe mphamvu winawo uzikankha. Ekiselo ya Technic (tizipangizo ta LEGO ta magiya ndi maekiselo) ili ngati mtanda, ndiye mungozula gudumu, kulitembenuza dzino limodzi, n'kulibwezera. Chitani chimodzimodzi pa maekiselo onse atatu, kulowera mbali yomweyo. Siyaninso kampata kakang'ono pakati pa gudumu ndi felemu, mukapanikiza zimakhulana. Kankhani chapansicho ndi chala pa bwalo lonse la njanji, kutsogolo ndi chambuyo, musanaike mota.

Timagudumu tating'ono takutsogolo tikhale pa felemu yakeyake yotha kutembenuka.

Mota ndi bokosi la mabatire la Powered Up (zipangizo zamagetsi za LEGO) ndimaziika mu kabogi ka malasha kakumbuyo. Bokosilo limadya mabatire 6 a AAA, gulani otchaja. Mumaliyendetsa ndi limoti kapena foni kudzera pa Bluetooth.

Thanki yozungulira ija yowiritsira madzi mumange tinjerwa titaloza m'mbali, n'kuikuta ndi tidutswa tokhota. Kumbukirani kuti timapuleti (tinjerwa topyapyala) 5 tosanjikiza timafanana ndi timfundo 2, apo ayi pakhala ming'alu. Kanyumba ka woyendetsa, chumuni ndi nyali mungotsata chithunzi chanu. Ikani kulemera pang'ono pamwamba pa magudumu oyendetsedwa ndi mota, ndipo poyesa koyamba njanji muiyale pansi, osati pa tebulo.