Momwe mungatsimikizire fayilo ya OpenRocket musanaulutse roketi yanu

Mukagula kiti ya roketi yaing'ono, monga Alpha kapena Big Bertha za kampani ya Estes, fayilo yake ya mapulani, yotsegulira m'pulogalamu yoyerekezera kauluke ka roketi, siisowa pa intaneti. Mumangoitsegula pa kompyuta, n'kusankha mota (kachubu ka mafuta olimba kamene kamakankha roketi), pulogalamu n'kukuuzani kuti roketi ikwera mamita angati komanso ngati iuluke mowongoka. Koma fayiloyo ndi ya roketi ya munthu wina. Nthawi zambirinso ndi ya roketi imene sinamangidwe n'komwe, wojambulayo anangotenga manambala a pakatoni. Mulibe guluu, mulibe penti, ndipo mwina kitiyo inasintha kuchokera nthawi imene ankajambula. Makiti ena akale anali ndi mphuno ya mtengo wa balsa koma lero amabwera ndi ya pulasitiki, dzina lili lomwe lija.

Gwiritsani ntchito OpenRocket. Ndi yaulere, anaiyamba Sampo Niskanen wa ku Finland mu 2009, ndipo imatsegula mafayilo ake a .ork komanso a .rkt ochokera ku RockSim, pulogalamu yogulitsa ya Apogee Components. Fayilo ya .rkt muziisamala kwambiri chifukwa posamutsa zinthu zina sizidutsa bwino. Mufunikanso rula, chingwe ndi sikelo yowerenga mpaka 0.1 g. Sikelo ya kukhitchini yodumpha magalamu asanuasanu siingathandize pa chinthu cholemera 35 g. Timasikelo tam'thumba toyezera ndolo ndi mphete n'totchipa, koma ena amagulitsa tonama. Kayeseni kaye: madzi okwana 10 ml a mu sirinji ayenera kuwerenga 10 g.

Yambani ndi miyeso. Dinani chiwalo chilichonse pamndandanda wa kumanzere n'kuyerekeza ndi chimene chili m'manja mwanu. Chubu cha BT-20 ndi 18.7 mm kunja kwake, BT-50 ndi 24.8 mm, BT-60 ndi 41.6 mm. Zipsepse ziyezeni mutamaliza kuzipala ndi sandipepa: m'litali mwa tsinde, m'litali mwa nsonga, kutalika kochoka pachubu, ndi kunenepa. Ngati kiti munaigula kwa ogulitsa osadziwika a pa intaneti amene amakopera mawonekedwe a makiti otchuka, musakhulupirire muyeso uliwonse. Chubu chimakhala chochindikala, zipsepse za pulaiwudi m'malo mwa balsa, ndipo zonsezi n'zolemetsa kumbuyo.

Tsopano pa kulemera, pamene pamagona nkhani yonse.

Pachithunzi cha roketi muona timadontho tiwiri. CG ndi pamene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumalingana. CP ndi pamene mphamvu ya mphepo imagwira, ndipo pulogalamu imaiwerengera potengera masamu amene James Barrowman anakonza m'zaka za m'ma 1960. CP imadalira mawonekedwe, choncho ngati miyeso mwaikonza, ili bwino. CG ndiyo imanama. Iyenera kukhala kutsogolo kwa CP ndi mpata wa pakati pa 1 ndi 2 cal, ndipo cal imodzi ndi kukula kwa chubu chanucho. Pa BT-50, cal imodzi ndi masentimita awiri ndi theka basi. CG ikabwerera kumbuyo ndi sentimita imodzi ndi theka, roketi imene fayilo imati ili pa 1.4 yatsikira pa 0.8.

Choyamba tsegulani mphuno mu fayilo muone ngati pa Filled pachongedwa. Mphuno ya pulasitiki imakhala ya mphako. Wojambula akaiika ngati yodzaza, pulogalamu imaipatsa kulemera koposa kwenikweni kangapo, CG imathamangira kutsogolo, roketi n'kumaoneka yokhazikika pomwe siili choncho. Cholakwika chimenechi ndicho choopsa kuposa zonse chifukwa chimakukhazikani mtima pansi. Roketi yotere ikachoka pandodo youlutsira imapinduka n'kuyamba kuuluka chopingasa mota ikadali kuyaka, ndipo anthu amakhala aima pafupi.

Kenako pitani pa Override, pamene munthu amalemba yekha kulemera ndi CG m'malo mwa zimene pulogalamu yawerengera, pa chiwalo chilichonse. Mwini fayilo mwina analembamo kulemera kwa roketi yake. Izi sizionekera pachithunzi, ndipo mukhoza kusintha zipsepse kapena chubu n'kudabwa kuti manambala a kulemera sakusuntha. Zifufuteni zonse.

Mukatero yezani yanu. Ikhale yomalizidwa, yopentedwa, parachuti itapindidwa mkati, mapepala oteteza kumoto atalowa, koma mota isakhalemo. Ndikubwereza: mota isakhalemo. OpenRocket imawonjezera yokha kulemera kwa mota imene mwasankha. Mota ya C6-5 imalemera pafupifupi 24 g. Ngati roketi yopanda mota ndi 35 g koma inu mwaiyeza ili ndi mota n'kulemba 59 g, pulogalamu iwerengera 83 g. Ikuuzani kuti roketi sikwera kwambiri, musankha mota yotulutsa parachuti msanga, ndipo parachuti itseguka roketi ikadali pa liwiro, zingwe n'kuduka kapena kung'amba mlomo wa chubu.

CG mumaipeza pokoleka roketi pa chingwe chopyapyala n'kumasuntha chingwecho mpaka roketi itagona mowongoka. Chongani ndi pensulo, yezani kuchokera pansonga ya mphuno. Bwerezani kawiri kapena katatu, chifukwa parachuti imasuntha mkatimo. Kulemera ndi CG muzilembe pa Override ya siteji yonse (Stage, imene imaphatikiza ziwalo zonse pamndandanda), osati pa chubu chokha, ndipo muchonge kuti zigwire ziwalo zonse za pansi pake. Mukapanda kuchonga pamenepo, kulemera kwa ziwalo kumawerengedwanso pamwamba pa nambala yanu. Pomaliza lowetsani mota yeniyeni, kolekaninso pachingwe, muone ngati CG ikugwirizana ndi ya pakompyuta. Zikasiyana ndi mamilimita oposa asanu, pali chimene chalakwika, musapitirire.

Kawirikawiri mupeza kuti yanu ndi yolemera kuposa ya mu fayilo ndipo CG ili kumbuyo, chifukwa guluu wambiri amathera ku zipsepse ndi pogwirira mota. Mpata ukatsika pansi pa 1 cal, kanikizani dongo loumbira zidole kunsonga ya mphuno, magalamu awiri kapena atatu, n'kuyezanso. Musadzaze mopitirira. Kupyola 2 cal kwambiri, roketi imakhotera kumene mphepo ikuchokera.

Zotsala n'zachangu. Pa zipsepse, mafayilo ambiri amalemba Airfoil (zopalidwa ngati phiko la ndege) pomwe anthu amangozisiya zamakona. Sankhani Square kapena Rounded monga zilili. Pa kusalala kwa thupi musaike Polished chifukwa chokonda penti yanu, Regular paint ndiyo yoona kwa ambiri. Ziwirizi zikakokomezedwa, kutalika kwa ulendo kumakokomezekanso.

Mota ikhale yofanana chilembo ndi manambala onse. B6-4 ndi C6-5 n'zofanana kukula, 18 mm ndi 70 mm, koma C ili ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri. Nambala yomaliza ndi masekondi odikira parachuti isanatuluke. Iyerekezeni ndi Optimum delay, masekondi oyenera amene pulogalamu yawerengera. Ngati mota yanu mulibe mu pulogalamu, fayilo yake itengeni ku ThrustCurve.org. Mamota amenewa ndi katundu wa m'gulu la zophulika, saloledwa m'chikwama cha m'ndege, ndipo wogulitsa amene akuti akutumizirani mu envelopu wamba mukaneni. Akale osungidwa potentha ndi pozizira mosinthasintha amang'aluka mkati n'kuphulika poyatsa, ndipo palibe fayilo ingakuchenjezeni zimenezo.

Pa zokhudza malo oulutsira, lembani kutalika kwenikweni kwa ndodo yanu. Zambiri ndi 91 cm, ndipo muyeze kuyambira pamene roketi yakhala. Liwiro pochoka pandodo lifike cha pa 15 m/s. Kukwera kwa malo mafayilo ambiri amasiya pa 0, ngati muli m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, mpweya ndi wopepukirapo, roketi imakwera kuposerapo ndipo imatsika mofulumirirapo. Mphepo iyeseni pa 2 ndi pa 5 m/s muone kumene ikagwere. Ikaposa 32 km pa ola, malamulo a chitetezo a NAR, bungwe la okonda maroketi la ku America, amati musaulutse, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege musayerekeze popanda chilolezo.

Amene ali ndi kachipangizo koyeza kutalika, monga AltimeterOne, akayeze pa sikelo kenaka akalembe mu fayilo, aboolenso timabowo tating'ono pachubu kuti mpweya uzilowa. Zotsatira zikasiyana pang'ono ndi za pakompyuta, sinthani kusalala kwa thupi mpaka zifanane. Pogawira ena fayiloyo, lembani pa Comment chaka chimene munagula kiti, mtundu wa mphuno, komanso kuti kulemera munayeza mota isali mkati.